Ndani Apime Dziko Lathu?

Pali mlandu umene tifuna kuuika pabwalo mwezi uno, ndipo tipempha inu nonse owerenga, makamaka inu a ku Nkaya, a ku Utale, a ku Balaka, a ku Liwonde ndi a m'midzi yonse ya m'mbali mwa Shire, kuti muumve mofatsa kufikira kumapeto. Mlanduwo ndi uwu: dziko lathu liri kupimidwa usana ndi usiku ndi makina oyenda m'mwamba, ndipo pali anthu ophunzira amene alandira malipiro abwino ndi ulemu chifukwa cha kumasulira zimene makinawo aona, koma pakati pa anthu amenewo ana a m'midzi yathu ali owerengeka. Ife tinena kuti chinthu ichi chiri choipa ndi choopsa, ndi kuti kulakwa kwache kuli pa magulu atatu: pa alendo obwera kudzafufuza, pa akuru a Boma ndi a masukulu apamwamba, ndi pa ife eni akubala ana.

Tiyambe ndi kulongosola makinawo, pakuti nkhoswe siweruza mlandu umene sinaumve. M'chaka cha 1972 anthu a ku America anaponya m'mwamba makina otchedwa Landsat, kuti azizungulira dziko lonse lapansi ndi kulijambula. Makina a mtundu wotere ndiwo atchedwa setilaiti. Amene analowa m'malo mwa oyambawo alipobe kufikira lero: ayenda makilomita 705 pamwamba pa mitu yathu, ndipo setilaiti iri yonse ibwerera pa malo omwewo pakutha masiku 16. Anthu a ku Ulaya anaponya ao oyamba otchedwa Sentinel-2 m'chaka cha 2015, naonjeza ena pambuyo pache, ndipo awa apenya munda uli wonse wa kuno kwathu kamodzi pa masiku 5. Kuyambira chaka cha 2008 zithunzi za Landsat zipatsidwa kwaulere kwa munthu ali yense wokhala ndi kompyuta ndi intaneti, ndipo za Sentinel nazonso sizigulidwa. Chotero m'nkhokwe za zithunzizo muli mbiri ya nkhalango za m'mapiri a Machinga, m'mene zinaliri zaka 50 zapitazo ndi m'mene zatsalira lero. Muli nyanja ya Chilwa pamene inauma m'chaka cha 1995 ndi pamene inaphweranso m'chaka cha 2018. Muli madzi osefukira a m'chaka cha 2015 ndi a namondwe Freddy a m'chaka cha 2023.

Makinawa sapenya monga apenyera munthu. Tsamba lamoyo la chimanga limeza kuwala kofiira kwa dzuwa, nilibweza kuwala kwina kumene maso athu sakhoza kukuona, koma diso la makina likuona bwino. Tsamba likafota, kuwala kobwezedwako kuchepa. Poyerekeza mitundu iwiri iyi ya kuwala, wophunzira wokhala m'nyumba ku London kapena ku Washington akhoza kunena kuti minda ya ku Balaka yayamba kunyala, angakhale sanapondeko ndi phazi lache. Mvula nayo iri ndi kapimidwe kache. Pali makina ena, otchedwa Meteosat, amene akhala ngati oima pa malo amodzi, makilomita ngati 36,000 m'mwamba moyang'anana ndi Africa, ndipo apima kuzizira kwa mitambo. Mtambo wa mvula ya mabingu ukwera kutari, ndipo nsonga yache izizira koposa. Powerenga maora amene mtambo wozizira wakhala pamwamba pa dera lakuti, anzeru ayerekeza mvula imene yagwa kumeneko. Musunge mau awa, pakuti tidzabwerako: makinawo saona dontho la mvula ngakhale limodzi. Aona mtambo, ndipo zotsala ndizo kuyerekeza kwa anthu.

Pansi pa makina akutariwo pali ena oyenda pafupi. Ambiri a inu mukumbukira ndege ija inauluka chapansipansi m'zaka za 2013 ndi 2014, kumka uku ndi kubwerera uko mosakhota, ngati munthu wokoka mizere m'munda, imene anthu anaitcha Kauniuni. Ndegeyo inali ya kampani ya ku Canada, Sander Geophysics, yolembedwa ntchito ndi Boma, ndipo inanyamula zida zopima mphamvu ya maginito ndi kulemera kwa miyala ya pansi pa nthaka, kuti zidziwike mbali zimene zingakhale ndi miyala ya mtengo wapatari. Zopeza zache zinaonetsedwa poyera m'chaka cha 2015. Palinso tindege tating'ono topanda munthu m'kati, totchedwa madroni. M'chaka cha 2017 Boma ndi bungwe la UNICEF anapatula malo ku Kasungu, makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege, oyeserapo tindegeti. Ndipo komweko ofufuza za malungo anajambula madambo ndi zithaphwi kuti apeze madzi amene udzudzu usweramo.

Koma makina okha sanena kanthu. Chimene atumiza pansi ndicho manambala ochuruka ngati mchenga, ndipo pafunika anthu oti awamasulire. Apa ndipo pali ntchito zimene tinena, ntchito za kafukufuku za m'mayunivesite. Munthu wa ntchito iyi ayamba ndi funso, monga lakuti: Kodi ootcha makala atha mitengo yochuruka bwanji m'nkhalango ya Liwonde pa zaka 20? Kodi matope olowa m'Shire achokera m'mitsinje iti? Atenga zithunzi za zaka zosiyana, apita kukapima pansi kuti aone ngati zithunzizo zinena zoona, awerengera, nalemba zimene wapeza m'mabuku a anthu ophunzira, kumene anzache aziyesa ndi kuzitsutsa ngati ziri zolakwa. Makwerero ache ali otere: digiri yoyamba ya zaka 4, yachiwiri ya zaka ngati 2, yachitatu ya udokotala wa maphunziro, ndipo pambuyo pache munthu akhala wofufuza kapena mphunzitsi wa pa yunivesite. Mau a anthu amenewa ndiwo amvedwa ndi maboma ndi mabanki akuru pogawa chimanga cha njala, poika damu, ndi potsegula mgodi.

Tsono taonani m'mene ntchitoyi igawikira kawirikawiri. Ndarama za kafukufuku zichokera kunja, ndipo zifikira ku yunivesite ya kunja. Funso lifunsidwa komweko, ndi kompyuta yowerengera zonse iri komweko. Ikafika nthawi ya kupima pansi, ofufuza atsika ndege ku Chileka kapena ku Lilongwe, nalemba anyamata ndi atsikana athu ganyu wa masabata awiri kapena atatu: uyu anyamule chida cha GPS chosonyeza malo, uyu atanthauzire mau kwa mfumu, uyu awerenge mapesi a chimanga padzuwa. Ganyu akatha, manambala akwera ndege. Ndipo buku likaturuka, dzina la mwana wathu mulibe, kapena liri m'mau oyamika a kumapeto, pamodzi ndi la woyendetsa galimoto. Agogo athu anali atengatenga. Anasenza mahema ndi zida za opima malo, kukwera nazo phiri la Zomba ndi la Mulanje, ndipo mapu ataturuka analembedwa dzina la mwini chida. Zaka zoposa 100 zapita, katundu wapepuka, pakuti tsopano alowa m'thumba la malaya. Koma utengatenga ulipobe.

Wina adzati: Nanga pali kanthu? Bola ntchito igwirike bwino, woigwira achokere kwina kuli konse. Kwa ameneyo tiyankha ndi nkhani ya njala ya 2016, imene palibe mmodzi wa ife waiiwala. Dzinja la njalayo lisanafike, Boma la Malawi linagula inshuwalansi ya chilala ku bungwe la maiko a Africa lotchedwa African Risk Capacity, nilipira ndarama za ku America pafupifupi madola 5 miliyoni. Pangano linali lakuti mvula ikaperewera, monga mwa kupima kwa setilaiti ndi kuwerengera kwa kompyuta, ndarama zidzaturuka msanga zogulira chakudya. Mvula inaperewera ndithu. Pulezidenti Peter Mutharika analengeza m'mwezi wa April 2016 kuti dziko liri pa tsoka, ndipo a Boma ndi mabungwe atawerenga anapeza anthu 6.5 miliyoni osowa chakudya. Koma kompyuta inanena kuti ovutika anali ngati 21,000 okha, ndi kuti palibe cholipira.

Kodi cholakwa chinali pati? Anthu amene anakonza kawerengedweko anauza kompyuta kuti alimi a Malawi abzala chimanga chocha pa masiku 120 kufikira 140, pamene alimi ambiri anali atatembenukira ku chimanga chocha msanga, pa masiku ngati 90. Ng'amba za chaka chimenecho zinapweteka koposa chimanga chofulumiracho, chimene chiribe masiku otsitsimukira mvula ikabweranso. Koma m'kompyuta munali kumera chimanga china, chimene m'minda munalibe. Chinthu ichi chinatsimikizika pamene ofufuza a kwathu kuno, a ku yunivesite ya za ulimi ya LUANAR ku Bunda, anapita m'midzi nafunsa alimi chimene anabzala. Atakonza nambala imeneyo, bungwe linavomera mu November 2016 kulipira madola 8.1 miliyoni, ndipo ndaramazo zinafika mu January 2017, anthu atagona ndi njala miyezi yambiri. Mai ali yense wa ku Nkaya amene apita kumunda ndi mbeu m'nsengwa akadayankha funsolo pa kamphindi. Koma liu la maiyo silinafike pa gome pamene manambala anakonzedwa.

Musayese kuti izi ziri za ku Lilongwe kokha. M'chaka cha 2015 bungwe la World Food Programme linayamba muno m'Balaka ntchito ya inshuwalansi ya alimi ang'ono, imene malipiro ache anatsata mvula monga inayerekezedwa ndi setilaiti. Chotero zimene makina aona zakhudza kale thumba la mlimi wa kuno. Ndipo tonse tidziwa mvula ya chigwa chotentha chino, kuti igwa kwa uyu nilumpha kwa mnansi wache tsidya lija la Rivirivi. Tidziwanso minda yathu, kuti iri yaing'ono ndi yosakaniza: chimanga, nandolo, khobwe ndi maungu pa ndime imodzi, thonje pambali pache, mtengo wa mango pakati. Kadontho kamodzi pa chithunzi cha Landsat kaimira malo a mamita 30 m'litari ndi 30 m'lifupi, ndiko kuchepera pang'ono pa gawo limodzi la magawo 4 a ekala. Ka Sentinel-2 kaimira mamita 10 ndi 10. Zonse ziri m'kadontho kameneko makina aziphatikiza nazitcha zobiriwira. Sazindikira paokha ngati ndi chimanga chabereka kapena ndi udzu wapambana khasu. M'dzinja, pamene tifuna maso ao koposa, mitambo iwatsekera, ndipo makina ena okhoza kupyola mitambo ali ovuta koposa kumasulira. Wokhoza kuwerenga kadontho kameneko moona ndiye munthu amene adziwa masamu a makinawo, nadziwanso munda. Ndipo munthu wotere ayenera kuchokera pakati pa ife.

Pali chifukwa china cholemera monga njala, ndicho malo. M'zaka za m'ma 1890 Harry Johnston, mkuru woyamba wa Boma la Angerezi m'dziko lino, anapereka kwa azungu a minda makalata otsimikiza kuti malo akuti ndi akuti ali ao. Malire analembedwa pa mapepala amene mafumu athu sanakhoza kuwawerenga, ndipo m'mapepala amenewo munaturuka thangata, ndi misozi imene inafikitsa John Chilembwe pa nkhondo ya 1915. Mlimi wa thonje adziwa bwino lomwe kuti wogwira sikelo ndiye anena kulemera kwa thumba. Ndi pa malo pali chomwecho. Lero sitima za malasha a ku Moatize zipita pa Nkaya kumka ku Nacala, pa njanji imene njira yache inayamba yapimidwa isanamangidwe, ndi minda imene inagwa m'njiramo inapimidwa niikidwa mtengo. Phiri la Kangankunde, m'boma lomwe lino la Balaka, labooledwa ndi kupimidwa, ndipo m'chaka cha 2023 kampani ya ku Australia, Lindian Resources, inalengeza kuti muli matani 261 miliyoni a miyala yokhala ndi zitsulo zosowa zimene maiko azilimbirana. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yakuti munda wa banja ulembedwe m'kaundula pamodzi ndi malire ache. Pa zonsezi padzakhala munthu wogwira chida, ndi munthu woimirira pambali kupenya. Kodi mwana wathu adzakhala uti wa awiriwa?

Tsono tiweruze. Kwa inu alendo ofufuza tinena mwaulemu, pakuti akuru ati mlendo abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo alipo ena mwa inu amene aphunzitsa ana athu ndi mtima wonse nawakweza kufikira udokotala wa maphunziro. Koma kalumo kometa mutu wa mwini mudzi ndi kubwerera m'thumba, mwiniyo osaona ngakhale pa galasi m'mene wametedwera, sitikayamika iai. Ngati mupima minda yathu, bwezani zopeza zanu ku mudzi umene munapimako, m'chinenero chimene anthu amva, pa bwalo la mfumu. Ngati mwana wa kuno wagwira ntchito ya nzeru, dzina lache lilembedwe pamutu pa buku pamodzi ndi lanu. Ndipo pamene mulemba kalata wopempha ndarama za kafukufuku, muikemo malo enieni a ntchito a ophunzira a Malawi, a zaka 3 kapena 4, okhala ku Zomba, ku Bunda, ku Thyolo, ndi pangano lakuti manambala onse adzasiyidwanso m'dziko muno.

Kwa inu akuru a Boma ndi a mayunivesite mau athu ali olimba koposa, pakuti inu ndinu eni nyumba. Masukulu alipo: yunivesite ya Malawi ku Zomba, ya LUANAR ku Bunda, ya Mzuzu, ya MUBAS ku Blantyre kumene aphunzitsa kupima malo, ndi ya MUST ku Thyolo imene inatsegulidwa m'chaka cha 2014, yokhala ndi sukulu ya za nyengo ndi za nthaka. Maofesi aliponso: a mapu ku Lilongwe, a miyala ku Zomba, a za nyengo ku Blantyre. Koma mphunzitsi wa yunivesite wopatsidwa gulu lalikuru la ophunzira, wopanda ndarama ya mafuta yopitira kumunda, adzafufuza liti? Adikira mlendo abwere ndi ndarama, ndipo mwini ndarama ndiye asankha funso. Dziko limene kafukufuku wache alipiridwa ndi eni kunja lifanana ndi mlimi wa khasu lobwereka, amene alima tsiku limene mwini khasu wapumula. Ndiponso khomo la ku yunivesite liri lopapatiza kwa mwana wa kumudzi, chifukwa masukulu ambiri a sekondale oyendera alibe chipinda choyeseramo za sayansi, ndi aphunzitsi a masamu ali operewera. Pamenepo ndi pamene ofufuza athu ataikira, asanafike n'komwe pa mayeso a Fomu 4.

Koma tisakhale ngati anyani osekana zikundu, pakuti gawo lachitatu la mlandu liri pa ife eni. Ena a ife akaona mlendo ali ndi chida chachilendo m'manja, kapena kandege kakulira pamwamba pa dambo, ayamba kunong'ona za ufiti. M'chaka cha 2017 mbiri yonama ya anamapopa inabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe nifalikira m'maboma ena a kum'mwera. Anthu osalakwa anaphedwa, ndipo antchito a mabungwe ndi a zachipatala anaopa kuyenda m'midzi. Ndi manyazi akuru kuti mbiri zotere zipeza malo ngakhale pakati pa anthu odziwa kuwerenga ndi olowa m'nyumba ya mapemphero. Chida chopima sichimwa mwazi wa munthu. Chinapangidwa ndi manja a anthu, monga sikelo ndi wochi. Choopsa chache ndicho chimene tanena kale, kuti chigwidwa ndi wina, ife tiri chipenyere. Ndipo mwana amene wakula alikumva makolo ache atcha zida zotere zaufiti, adzalimba mtima bwanji kuziphunzira?

Ena ati: Izi ndi nzeru za Azungu, mutu wa mwana wa kumudzi sungazisenze. Mau awa ndi bodza lakale, limene Daniel Malekebu wa ku Chiradzulu analitsutsa pamene anatsiriza maphunziro a udokotala wa mankhwala ku America m'chaka cha 1917. Mu January 2020 inatsegulidwa ku Lilongwe sukulu yotchedwa African Drone and Data Academy, mwa chigwirizano cha UNICEF ndi yunivesite ya Virginia Tech ya ku America. Mwa ophunzira 26 oyamba, 16 anali a Malawi, ndipo oposa theka la onse anali akazi. Anaphunzira kumanga tindege, kutiulutsa, ndi kusandutsa zithunzi zache zikhale mapu. Muzu wa nzeru zonsezi ndiwo masamu omwe aja a m'kalasi: kuchurukitsa, kugawa, makona ndi kuyerekeza. Ife aphunzitsi tiona chaka ndi chaka ana akuthwa mutu amene aleka sukulu pa Sitandade 6 kapena 7: mnyamata atumidwa kukagulitsa makala pa njinga kapena kukasaka ntchito ku Johannesburg, mtsikana akwatiwitsidwa asanakhwime. Mwa iwo munali opima mvula ndi owerenga mapu a dziko lino.

Enanso ati: Kafukufuku sadzaza nkhokwe, ndipo mwana akaphunzira kwambiri athawira kunja. Za nkhokwe tayankha kale, pakuti nambala yolakwa ya masiku a chimanga inachedwetsa madola 8.1 miliyoni pa chaka cha njala. Za kuthawa, n'zoona kuti ena apita osabwerera. Koma ambiri apita chifukwa kuno kulibe malo a ntchito imene anaiphunzira, ndipo mankhwala ache ndiwo kutsegula malowo. Kutseka mitu ya ana sikuchiza kanthu. Munthu sagwetsa mtengo wa mango chifukwa zipatso zina zigwera kuseri kwa mpanda. Ndipo angakhale wokhala kutariyo, akamawerenga chithunzi cha Balaka, achiwerenga ndi maso a munthu amene anapalira m'mindamo, wodziwa kuti nandolo akhala wobiriwira chimanga chitauma.

Nanga ife a m'midzi tichitenji lero lino, opanda ndege ndi opanda kompyuta? Tiyambe kupima tokha. Kukwera ndi kutsika kwa madzi a nyanja ya Malawi kwalembedwa kuyambira chaka cha 1896, ndipo chifukwa cha anthu oleza mtima amene anawerenga ndodo yoimikidwa m'madzi, tidziwa m'mene nyanja inatsikira pamene Shire analeka kuturukamo, kuyambira 1915 kufikira 1935. Ndipo osamala chitseko cha madzi cha Kamuzu Barrage ku Liwonde, chomangidwa m'chaka cha 1965, ali ndi poyambira kuwerengera kwao. Ntchito yotere siifuna digiri. Sukulu iri yonse ndi mpingo uli wonse ukhoza kuimika chida choyezera mvula pabwalo poyera, kutari ndi mitengo ndi madenga, ndi kuika ana awiri aziwerenga mamilimita m'mawa uli wonse pa ora lomwelo, nalembe m'buku losataika; alembemonso tsiku lobzala, mtundu wa mbeu, tsiku limene ng'amba inayamba ndi limene inatha, ndi matumba okololedwa. Za kapezedwe ka chidacho funsani alangizi a zaulimi. Buku lotere la zaka 10 liri chuma. Ndilo limene makina a m'mwamba ayesedwa nalo ngati anena zoona. Ndilo mboni ya mudzi pa tsiku la kutsutsana za inshuwalansi. Ndiponso ndilo sukulu yoyamba ya wofufuza, pakuti m'mera mpoyamba.

Inu mafumu ndi nyakwawa, akafika ofufuza m'mudzi mwanu musawapirikitse, ndiponso musangowapatsa mpando ndi nkhuku ndi kukhala chete. Afunseni mafunso anai. Mupima chiani? Wakutumani ndani, ndipo kalata wa chilolezo ali kuti? Zopeza zanu mudzabwera nazo liti kudzatiuza? Ndi mwana uti wa kuno amene adzaphunzira kugwira chida ichi? Wofufuza woona sakwiya ndi mafunso otere, pakuti kufunsa ndiyo ntchito yache yomwe, ndipo safunsa anadya phula. Inu akuru a mpingo, amene musonkha ndarama za njerwa ndi za malata, sonkhaninso za mwana mmodzi wa masamu amene wasankhidwa kupita ku sekondale nasowa fizi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Inu aphunzitsi anzathu, turutsani ana pabwalo ndi chingwe ndi ndodo, apime munda wa sukulu ndi kuujambula pa pepala, kuti adziwe kuti mapu apangidwa ndi anthu. Ndipo inu anyamata ndi atsikana, musathawe masamu, fizikisi ndi jogalafe chifukwa anzanu ati ndi zovuta, pakuti ndizo makiyi a ntchito zimene tanena.

Makina a m'mwamba adzapitirira kuyenda, ife tifune tisafune. M'masiku asanu akudzawa adzapita pamwamba pa Nkaya najambula mudzi uli wonse ndi munda uli wonse. Chimene chiri m'manja mwathu ndicho kukonza amene adzawerenga chithunzicho ndi kuuza dziko tanthauzo lache. Agogo athu anasenza katundu wa opima chifukwa analibe sukulu. Ife sitidzakhala nacho chowiringula chimenecho pamaso pa adzukulu athu. Chifukwa chache mvula ya chaka chino isanagwe, chida choyezera chiimikidwe pa sukulu yanu, ndipo mwana amene munafuna kumletsa sukulu abwerere m'kalasi.